MKODZO WA THOVU NDI KUTHAMANGA KWA MAGAZI: PHUNZIRO LIMENE NDINATOLA PA TCHUTHI

Pa tchuthi cha Khirisimasi chapitachi ndinafika kwathu kufupi ndi Bembeke ndili ndi chimwemwe, poganiza kuti ndikapumako ku belu la m'mamawa ndi kudya nsima ya amayi. Koma nditangolowa pakhomo ndinaona kuti zinthu sizili bwino. Inali nyengo yopalira, anthu onse ali kumunda, koma bambo anga anali khale pakhonde, khasu lili potero. Awa ndi bambo a zaka 44 amene kale ankasenza thumba la mbatata ya kachewere kuchokera kudimba mpaka kumsewu osapumira.

Nditawapatsa moni anandiuza kuti miyendo ikuwalemera, minofu imakokana, mutu umawawa kunkhongo, ludzu silikutha, ndipo usiku amadzuka kanayi kapena kasanu kukataya madzi. Amayi anandinong'oneza kuti mkodzo wa bambo ukuchita thovu ngati munthu wathiramo sopo. Chodabwitsa chinali chakuti kwa zaka ziwiri bambo anakhala akumwa mitundu itatu ya mankhwala a BP mosadumphitsa, koma matendawo osatsika.

Agogo anali atapeza kale yankho lawo. Iwo ankati: "Matenda osamva mankhwala a kuchipatala ndi a anthu." Ndipo chala chinali chitayamba kuloza mbale wathu wina amene tinakangana naye malire a dimba. Ine mtima unali m'malere, pakuti fizi yanga ndi ya alongo anga awiri imachokera m'manja a bambo omwewo.

Ndikudziwa kuti mwana sakamba za mkodzo wa bambo ake pagulu. Ndinawapempha chilolezo ndipo anati: "Lemba mwanawe, mwina wina apulumukirapo." Tsono tiyeni tiphunzire limodzi zimene ndinafunsa kwa madokotala, kwa aphunzitsi athu a Biology ndiponso zimene ndinawerenga m'mabuku.

1. KODI KUTHAMANGA KWA MAGAZI N'CHIYANI?

Mtima ndi pampu. Ukafinya, magazi amakankha makoma a mitsempha. Ukamasuka, mphamvu yokankhayo imatsika koma siitheratu. N'chifukwa chake poyeza BP amalemba manambala awiri. Yapamwamba ndi ya pamene mtima wafinya, yapansi ndi ya pamene mtima wamasuka. Munthu wamkulu wathanzi amakhala cha m'ma 120/80. Akamapezeka ndi 140/90 kapena kuposera apo pa masiku osiyanasiyana, ndiye kuti ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi.

Dzina lakuti "kuthamanga" limatisokoneza pang'ono. Vuto si liwiro la magazi ayi, koma mphamvu imene akukankhira mitsempha. Taganizani za paipi yothirira kudimba imene mwaitseka pang'ono kukamwa ndi chala: madzi amakankha kwambiri, ndipo pakapita nthawi paipiyo imaphulika pamene pali pofooka. M'thupi malo ofookawo ndi ubongo, mtima, maso ndi impso.

Matendawa si a anthu olemera okha monga ena amanenera. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la WHO unachita kafukufuku m'dziko muno pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 90 pa 100 alionse mwa iwo sankadziwa n'komwe. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: munthu amaoneka wadzitho kunja pamene m'kati zinthu zikuonongeka mwakachetechete.

2. IMPSO NDI SEFA YA THUPI

Tonse tinaonapo amayi akusefa ufa. Ufa wosalala umadutsa, misere imatsala. Impso zathu ziwiri zimagwira ntchito yofanana ndi imeneyi. Mu impso iliyonse muli timasefa pafupifupi 1,000,000. Kasefa kalikonse kali ndi kampira ka timitsempha ting'onoting'ono kotchedwa glomerulus. Anzanga a Chilatini mukumbukira kuti glomus ndi mpira wa ulusi. Ndithudi kampirako kamaoneka ngati ulusi wokulungidwa.

Pa tsiku limodzi timasefa timeneti timasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 kuchokera m'magazi. Koma munthu sakodza malita 180. Madzi ambiri, shuga ndi mchere wofunika zimabwezedwa m'magazi kudzera m'timachubu ta impso, ndipo chotsala ndi lita imodzi ndi theka basi, imene ndiyo mkodzo.

Zinthu zazikulu siziyenera kudutsa pa sefayo. Maselo a magazi amatsala, mapuloteni nawonso amatsala. Puloteni yochuluka kwambiri m'madzi a magazi ndi albumin, imene imapangidwa m'chiwindi. Dzinali likuchokera ku mawu a Chilatini akuti albus, kutanthauza choyera, chifukwa ikapsa imayera ngati choyera cha dzira. Ntchito yake ina ndi kusunga madzi m'mitsempha. Ikatayika yambiri, madzi amathawira m'minofu ndipo munthu amatupa mapazi ndi nkhope.

Tsono mukaona misere mu ufa wosefa, simudzudzula chimanga ayi, mumadziwa kuti sefa yabooka. Chimodzimodzi albumin ikamapezeka mu mkodzo, ndi umboni wakuti timasefa ta impso tikuonongeka kapena tikupanikizika.

3. KUYEZA MAPULOTENI MU MKODZO

Munthu amene anaonetsa poyera mgwirizano wa zinthuzi ndi dokotala Richard Bright wa pa chipatala cha Guy's mu mzinda wa London. M'chaka cha 1827 iye anafalitsa zimene anaona mwa odwala otupa thupi. Ankatenthetsa mkodzo wawo pa supuni pamwamba pa kandulo, ndipo unkagwirana n'kuyera. Odwalawo akamwalira, poyeza mitembo yawo ankapeza impso zoonongeka. Ife mu labu tinayesa zofanana ndi zimenezi posungunula choyera cha dzira m'madzi n'kutenthetsa: madziwo anachita mbuu. Titathira mankhwala a Biuret m'chubu china, mtundu unasintha kukhala wa pepo, kusonyeza kuti muli puloteni.

Masiku ano kuchipatala amaviika kapepala koyezera mu mkodzo. Kakasintha mtundu amalemba 1+, 2+ kapena 3+ malinga ndi kuchuluka kwa puloteni. Kapepalaka n'kotsika mtengo ndipo yankho limatuluka pa mphindi imodzi, koma sikaona albumin ikakhala yochepa. Pofuna kudziwa bwino amayeza ku labu, ndipo malire ake ndi awa:

Albumin yochepera mamiligalamu 30 pa tsiku: impso zili bwino.
Kuyambira 30 mpaka 300: sefa yayamba kudontha, ngakhale munthu sakumva kanthu.
Kuposera 300: kuonongeka ndi kwakukulu, ndipo apa ndi pamene thovu limayamba kuoneka.

Tisaiwale kuti thovu palokha si umboni wokwanira. Mkodzo wotuluka mwamphamvu kapena wa munthu amene sanamwe madzi okwanira umathanso kuchita thovu. Komanso munthu akhoza kumataya albumin popanda thovu lililonse. Woweruza weniweni ndi kuyeza.

4. MITUNDU IWIRI YA BP

Mtundu woyamba ndi BP wamba. Mwa anthu 10 odwala BP, pafupifupi 9 amaikidwa m'gulu limeneli. Palibe chiwalo chimodzi chimene tingachiloze kuti ndicho gwero. Zinthu zambiri zimathandizana: chibadwa cha ku mtundu, kukula, mchere wambiri, kunenepa, mowa ndi kusagwiritsa ntchito thupi. Mtundu umenewu suchizika kotheratu, koma umagonja ndi mankhwala ndi kusintha kadyedwe.

Mtundu wachiwiri ndi BP yobwera chifukwa cha matenda ena odziwika, monga matenda a impso kapena kusokonekera kwa mahomoni. Mahomoni ndi timadzi timene tiziwalo tina timathira m'magazi kuti tikapereke lamulo ku ziwalo zakutali, monga mmene nyakwawa imaperekera uthenga wa mfumu. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kooneka ngati kachipewa kotchedwa adrenal. Pa Chilatini ad renes ndi kunena kuti pafupi ndi impso. Kachiwaloka kamapanga mahomoni angapo amene akachuluka amakweza BP, monga cortisol ndi adrenaline. Koma imene imavutitsa anthu ambiri ndi aldosterone.

5. ALDOSTERONE, KAPITAWO WA MCHERE

Homoni imeneyi inapezedwa m'chaka cha 1953 ndi Sylvia Simpson ndi James Tait a ku London mothandizana ndi Tadeus Reichstein wa ku Basel. Ntchito yake ndi kulamula impso kuti zisunge sodiyamu, amene ndi mbali ya mchere wathu wa m'ndiwo, ndi kutaya potaziyamu mu mkodzo. Kumene sodiyamu wapita, madzi amatsatira. Choncho aldosterone ikachuluka, madzi amachuluka m'mitsempha ndipo BP imakwera.

M'thupi lathanzi aldosterone siidzilamulira yokha. Munthu akataya madzi, monga potsegula m'mimba kapena pochita thukuta kwambiri, impso zimatulutsa renin. Renin imayambitsa kupangidwa kwa angiotensin, ndipo angiotensin ndiyo imauza adrenal kuti ipange aldosterone. Madzi akakwanira, renin imatsika, aldosterone nayonso imatsika. Ndi dongosolo lokongola: bwana akalamula kapitawo amagwira ntchito, bwana akati basi kapitawo amaleka.

Vuto limabwera pamene kapitawo waleka kumvera. Adrenal imangopanga aldosterone ngakhale renin yatsikiratu. Zimenezi zimachitika mwa njira ziwiri: kachotupa kosakhala khansa kumbali imodzi, kapena kukula mopitirira kwa ma adrenal onse awiri, kumene ndiko kumachitika kawirikawiri.

Woyamba kulongosola matendawa anali dokotala Jerome Conn wa pa yunivesite ya Michigan ku America. M'chaka cha 1954 analandira mayi wa zaka 34 amene kwa zaka 7 ankavutika ndi kukokana kwa minofu ndi kufooka, nthawi zina mpaka kulephera kuyenda. BP yake inali yokwera ndipo potaziyamu anali wochepa kwambiri m'magazi. Atamuchita opaleshoni anapeza kachotupa pa adrenal ya kumanja. Atakachotsa, potaziyamu anabwerera m'malo mwake ndipo BP inatsika. Conn anafalitsa nkhaniyi mu 1955, ndipo mpaka lero matendawa amatchedwa ndi dzina lake.

Nditawerenga za mayi ameneyu tsitsi linandiima, pakuti zinali ngati akunena za bambo anga. Potaziyamu akachepa minofu imafooka ndi kukokana, ndipo impso zimalephera kusunga madzi bwino, motero munthu amakodza pafupipafupi usiku ndi kumva ludzu. Komabe tichenjere: odwala ambiri a matenda a Conn potaziyamu wawo amakhala wabwinobwino, ndipo chizindikiro chawo chimangokhala BP yosamva mankhwala.

Kwa zaka zambiri madokotala ankaganiza kuti matendawa ndi osowa kwambiri. Koma mu 2006 gulu lotsogozedwa ndi Gian Paolo Rossi wa ku Padua linafalitsa zotsatira za kuyeza odwala BP atsopano okwana 1,125 m'zipatala za ku Italy. Anapeza kuti 11 pa 100 alionse anali ndi matenda a Conn. Pakati pa anthu amene BP yawo siitsika ngakhale akumwa mitundu itatu ya mankhwala, chiwerengero chimafika pafupifupi mmodzi mwa asanu.

6. KODI MKODZO UMASIYANA BWANJI M'MITUNDU IWIRIYI?

Apa ndiye pagona phunziro lathu. Mitundu yonse iwiri imatha kubweretsa albumin mu mkodzo, koma osati mofanana.

Mu BP wamba, mphamvu ya magazi imaumitsa ndi kuchepetsa timitsempha ta mu impso pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Timasefa tina timafa, totsala timasenza katundu wa anzawo, ndipo pamapeto pake timayamba kudontha. Kawirikawiri albumin imakhala yochepa poyamba ndipo imakwera ndi zaka.

Mu matenda a Conn impso zimamenyedwa kawiri. Choyamba, mchere ndi madzi zikachuluka, magazi ambiri amakankhidwira m'timasefa ndipo timasefa mopitirira muyeso, ngati munthu amene wadzaza sefa mpaka m'milomo n'kumakankha ufa ndi dzanja. Misere iyenera kudutsa basi. Chachiwiri, aldosterone payokha imavulaza maselo ophimba timasefa ndi kuyambitsa kutupa ndi zipsera, makamaka munthu akamadya mchere wambiri.

Umboni wake ulipo. Mu 1964 Conn atasonkhanitsa nkhani za odwala 145 oyambirira, anaona kuti 85 pa 100 alionse anali ndi puloteni mu mkodzo. Gulu la Rossi lija linayerekeza odwala a mitundu iwiriyi ndipo linapeza kuti kudontha kwa albumin kunkapezeka mowirikiza kawiri mwa odwala matenda a Conn. M'chaka chomwecho cha 2006, Leonardo Sechi ndi anzake a ku Udine anafalitsa zimene anaona atatsatira kwa zaka zoposa 6 odwala 50 a matenda a Conn ndi odwala 100 a BP wamba amene BP yawo inali yofanana. Poyamba a matenda a Conn ankataya albumin yambiri kuposa anzawo. Atalandira chithandizo, ena opaleshoni ena mankhwala, albumin inatsika kwambiri m'miyezi yoyambirira, ndipo mwa ambiri inabwerera mwakale.

Tsono pali mfundo ziwiri. Yoyamba: pa BP yofanana, matenda a Conn amadonthetsa impso kuposa BP wamba. Yachiwiri, imene ndi yopatsa chiyembekezo: mbali yaikulu ya kudonthako imabwerera ngati gwero lapezeka msanga. Koma likachedwa kupezeka zipsera zimakhazikika, ndipo madzi akatayika saoleka.

Si impso zokha zimene zimavutika. Kafukufuku wa ku Paris wa mu 2005 anaonetsa kuti odwala matenda a Conn amene anagwidwapo ndi sitiroko anali ochuluka pafupifupi kanayi poyerekeza ndi odwala BP wamba. N'chifukwa chake sikokwanira kungonena kuti "BP ndi BP basi."

7. ZINA ZIMENE ZIMABWERETSA PULOTENI MU MKODZO

Anzanga, tisathamangire kunena kuti aliyense wa puloteni mu mkodzo ali ndi matenda a Conn. Dokotala wabwino amayamba wachotsa zifukwa zina zimene ndi zofala kwathu kuno.

Likodzo ndi chimodzi. Ife a kumapiri timaganiza kuti ndi matenda a anzathu a ku Mtakataka ndi a m'mbali mwa nyanja okha, koma aliyense wosamba kapena kuwoloka m'madzi okhala ndi nkhono zofalitsa tizilomboti akhoza kulitenga, ndipo limabweretsa magazi ndi puloteni mu mkodzo. Matenda a shuga ndi gwero lina lalikulu. Kachilombo ka HIV nakonso kamatha kuononga timasefa. Matenda a m'chikhodzodzo, kutentha thupi ngakhale kusewera mpira mwamphamvu zimabweretsa puloteni kwa kanthawi kochepa. Choncho amayeza kawiri kapena katatu pa masabata osiyana asanatsimikize.

Palinso amayi oyembekezera. Kusikelo amayeza BP ndi mkodzo chifukwa mimba ikapitirira masabata 20, BP yokwera pamodzi ndi puloteni mu mkodzo ndi chizindikiro cha matenda oopsa amene angachititse mayi kukomoka ndi kutaya moyo wake kapena wa mwana. Mayi wotere akamva mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kutupa nkhope, athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

8. MMENE ZINATHERA KWATHU

Patapita masiku atatu Khirisimasi itadutsa, ndinaperekeza bambo kuchipatala. BP inapezeka 178/110, ndipo kapepala ka mkodzo kanaonetsa 2+. Shuga anali bwino, likodzo panalibe. Atayeza magazi anapeza potaziyamu ali pa 2.9, pamene woyenera ndi pakati pa 3.5 ndi 5.0.

A dokotala anatsegula buku lachipatala la bambo n'kufunsa: "Bambo, mankhwalawa mumamwadi tsiku lililonse?"

"Sindinaphonyepo, a dokotala. Mayi akunyumba ndiwo mboni."

"Nanga miyendo ikamawawa mumamwa chiyani?"

"Ndimagula bulufeni kapena indosidi pagolosale."

A dokotala anapukusa mutu. Anafotokoza kuti mankhwala opha ululu a mtundu umenewu amakweza BP ndi kuvulaza impso akamamwedwa kawirikawiri, ndipo anawaletsa. Anafotokozanso kuti amodzi mwa mankhwala a bambo, a hydrochlorothiazide, paokha amatsitsa potaziyamu, choncho anawaimitsa kwa mwezi umodzi kuti aone. Mwezi utatha potaziyamu anali akadali wotsika. Pamenepo anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Kuyeza aldosterone ndi renin kunafuna ndalama zambiri, ndipo amalume amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndiwo anatithandiza. Mutu umodzi susenza denga. Zotsatira zinabwera ine nditabwerera kale kuno kusukulu: aldosterone yokwera, renin yotsikiratu. Chithunzi cha sikani sichinaonetse chotupa, motero madokotala anasankha mankhwala a spironolactone, amene amalepheretsa aldosterone kugwira ntchito m'maselo a impso. Akanakhala ndi kachotupa mbali imodzi, njira ikanakhala opaleshoni.

Pa tchuthi cha Pasaka ndinawaperekezanso. BP inali 136/86, potaziyamu 4.2, ndipo kapepala ka mkodzo kanangosintha pang'ono chabe. Chimodzi chinatiopsa: nambala yosonyeza mphamvu ya impso inali itatsikako. A dokotala anati zimenezi zimayembekezeka, pakuti kusefa mopitirira muyeso kuja kunkabisa kuonongeka kumene kunachitika kale, ndipo tsopano impso zikuonetsa mphamvu yake yeniyeni. Anawachenjeza kuti azibwera kudzayezetsa magazi, chifukwa mankhwalawa akhoza kukweza potaziyamu mopitirira, ndiponso kuti amuna ena amatupa mawere akamamwa. Zikatero abwere adzanene, asangosiya okha.

Bambo abwerera kudimba. Sanachire kotheratu, ndipo mankhwala adzamwa moyo wawo wonse. Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi ichi: Lamlungu la Pasaka agogo anatuma amayi kukapereka nkhuku kwa mbale wathu uja. Sananene mawu ambiri, koma tonse tinamva tanthauzo lake. Tikanachedwa, tikanataya impso za bambo pamodzi ndi ubale.

9. TICHITEPO CHIYANI?

Choyamba, tilimbikitse makolo athu kukayezetsa BP ngakhale sakumva kupweteka. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, aliyense wodwala BP apemphe kuti amuyezenso mkodzo, kamodzi pa chaka. Puloteni ikapezeka pali mankhwala monga enalapril amene amatsitsa BP ndi kuchepetsa kudontha kwa impso, koma mayi woyembekezera sayenera kumwa amenewa.

Chachitatu, wodwala afunse za mahomoni ngati BP siikutsika ndi mitundu itatu ya mankhwala, ngati potaziyamu ndi wochepa, ngati BP inayamba ali wamng'ono, kapena ngati kubanja kwawo anthu amagwidwa sitiroko asanakwanitse zaka 40.

Chachinayi, tichepetse mchere. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, amene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Tiwerengere mchere wa mu usipa wouma, wa pa tchipisi cha pachiwaya, wa mu timibulu tokometsera ndiwo, ndiponso soda wa mu therere, pakuti nayenso ali ndi sodiyamu. Ngakhale ife kuno tili ndi chizolowezi chowaza mchere m'nyemba tisanalawe n'komwe. Ine ndasiya.

Chachisanu, mankhwala a BP sasiyidwa chifukwa munthu wapeza bwino, ndipo sabwerekana ngati khasu. A spironolactone anathandiza bambo anga, koma kwa munthu wa impso zofooka kwambiri akhoza kupha.

Pomaliza tikumbukire kuti impso zikaferatu chotsala ndi makina osefa magazi, amene wodwala amayenera kulumikizidwako kawiri kapena katatu pa sabata. Makina oterewa ali ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Taganizani mlimi wa ku Bembeke kapena ku Kasumbu kuyenda ulendo umenewu sabata ndi sabata. Munda angaulime liti? Kupewa kumaposa kuchiza. Tikapita ku tchuthi chikubwerachi, tisangonyamula malipoti a mayeso okha. Tikafunsenso makolo athu kuti anayezetsa liti BP ndi mkodzo.

MAFUNSO OBWEREZA

1. Fotokozani tanthauzo la manambala awiri a BP.
2. N'chifukwa chiyani albumin siyenera kupezeka yambiri mu mkodzo wa munthu wathanzi?
3. Longosolani mgwirizano wa renin ndi aldosterone m'thupi lathanzi, ndipo nenani chimene chimasintha mu matenda a Conn.
4. Perekani zifukwa ziwiri zimene odwala matenda a Conn amatayira albumin yambiri kuposa odwala BP wamba.
5. Tchulani zinthu zinayi, kupatula BP, zimene zingabweretse puloteni mu mkodzo.
6. Werengerani mchere umene banja lanu limagula pa mwezi, muugawe ndi chiwerengero cha anthu ndi masiku 30. Kodi mukupitirira magalamu 5?